Jenereta Ikakana Kulira, Cholakwa Chili Pati?

Pali phokoso lina limene anthu a m'matauni ndi m'maboma a dziko lino adalizolowera m'zaka zapitazi, ndilo la majenereta ang'onoang'ono amene amayamba kulira magetsi akangozima. Limamveka kuseri kwa maofesi, pakhonde la masitolo, pa zipatala zazing'ono ndi pa masukulu a sekondale pamene pali makompyuta ndi makina osindikizira mayeso. Koma palinso china chimene ambiri adachiona ndi maso awo: mesenjala atawerama pa jenereta, akukoka chingwe kakhumi kapena kuposa, thukuta lili kamukamu, injini ili duu, anthu odzafuna thandizo ali pa mzere, ndipo mkulu wa ofesi akufunsa uku ndi uku kumene makaniko angapezeke.

Makaniko akabwera, kawirikawiri ntchito yake siitenga ngakhale ola limodzi. Amathira oyilo pang'ono, kapena kukhetsa petulo wakale, kapena kupukuta pulagi, jenereta n'kulira ngati yatsopano. Koma tsiku la ntchito lapita kale, ndipo ndalama zimene zikadagula mapepala ndi choko zalipira ulendo wa makanikoyo. Kumadera akutali ndi boma, kumene makaniko sapezeka, makina ogulidwa ndi ndalama za msonkho amalembedwa m'buku kuti adafa, pamene chidalakwika ndi kabowo kochepa ngati ka singano kamene kadatsekeka. Zoona zake n'zakuti jenereta yaing'ono siifa kawirikawiri chifukwa cha ntchito. Imadwala chifukwa chokhala, ndipo matenda ake ambiri munthu wodekha angathe kuwapeza yekha ngati atsata ndondomeko.

Chifukwa chake majenereta adachuluka

Magetsi ambiri a dziko la Malawi amachokera ku mtsinje umodzi, wa Shire, pa malo atatu: Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Makina oyamba a pa Nkula adatsegulidwa m'chaka cha 1966, ndipo kuyambira pamenepo ntchito za m'maofesi ndi m'mafakitale zakhala zikudalira madzi a mtsinjewo. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi a m'nyanja ya Malawi adatsika, Shire adachepa mphamvu, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 adachoka nthawi imodzi, ndipo kampani ya EGENCO sidayambenso kupanga magetsi pamalopo mpaka m'chaka cha 2023.

M'nyengo ngati zimenezo maofesi, masukulu ndi mabanja adagula majenereta ambiri. Koma magetsi akakhala bwino kwa miyezi iwiri kapena itatu, jenereta imakankhidwira pakona m'chipinda chosungiramo katundu, petulo ali m'thanki, kampopi kake kali kotsegula, ndipo palibe woikumbukira kufikira tsiku limene magetsi adzazimenso. Mavuto ambiri amene akulongosoledwa pano amayambira pakona pomwepo.

Zimene injini imafuna

Injini ya jenereta yaing'ono ya petulo siisiyana kwenikweni ndi ya njinga yamoto. Mainjini ambiri otere ndi a mtundu umene Mjeremani Nikolaus Otto adakonza m'chaka cha 1876: pisitoni imatsika n'kukoka mpweya wosakanizika ndi petulo, imakwera n'kuupanikiza, pulagi imathetheka moto n'kuuyatsa, ndipo pomaliza utsi umakankhidwira kunja. Motero pali zinthu zinayi zimene ziyenera kupezeka pamodzi: petulo wabwino, mpweya wokwanira, kupanikizika, ndi moto wa pulagi. Chimodzi chikasowa, ngakhale munthu akoke chingwe mpaka phewa lipweteke, injini siingalire. Ntchito ya wofufuza ndiyo kupeza chimene chasowacho, kuyambira pa zapafupi ndi zosafuna ndalama, asanaganize zomasula zitsulo. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono choyamba ndi kuona zinthu zimene zili poyera, zimene anthu amachita manyazi kuzitchula koma zimagwetsa ambiri. Swichi ya injini ikhale pa ON. Kampopi ka petulo, kamene kali pansi pa thanki, kakhale kotsegula. Tchoki ikhale yotseka ngati injini ili yozizira, pakuti ntchito yake ndi kuchepetsa mpweya kuti petulo achuluke poyamba. Injini ikalira n'kufunda pang'ono, tchoki itsegulidwe pang'onopang'ono. Injini imene yangozima kumene, ikadali yotentha, siifuna tchoki. Mawaya onse opita ku zipangizo azulidwe, chifukwa injini siingadzuke bwino itasenza kale katundu. Ngati jenereta ili yolizira ndi kiyi, ndipo pokhotetsa kiyiyo pangomveka kugogoda pang'ono injini osazungulira, batire lafooka, ndipo chingwe ndicho chithandize pa tsikulo.

Oyilo, mlonda amene ambiri samudziwa

Chachiwiri ndi oyilo, ndipo apa ambiri amadabwa, pakuti kodi oyilo angaletse bwanji injini kulira? Majenereta ambiri a masiku ano ali ndi kachipangizo m'mimba mwa injini kamene kamadula moto wa pulagi oyilo akachepa. A kampani ya Honda amakatchula kuti Oil Alert, ndipo mainjini ambiri a ku China opangidwa motsanzira a Honda ali nakonso. Injini yotere, ya 160 mpaka 200 cc, imangolowa oyilo wokwana malita 0.6, kotero kuti kuchepa pang'ono kokha kumakwanira kuti mlondayo aimitse zonse. Chizindikiro chake n'chakuti jenereta imakana kulira konse, kapena imalira masekondi angapo n'kuzima yokha.

Oyilo ayesedwe jenereta ili pamalo athyathyathya, ndipo afike pa mlomo wa bowo lothirira. Jenereta yoikidwa pamalo otsetsereka ingathe kuzima ngakhale oyilo ali wokwanira, popeza amathamangira mbali imodzi. Mtundu umene mabuku ambiri a opanga amalamula ndi SAE 10W-30. Pali amakaniko ena amene amadula waya wa kachipangizoko kuti jenereta ilire msanga mwini wake akondwe. Mkulu wa ofesi asalole zimenezo, chifukwa injini yothamanga popanda oyilo imauma ndi kugwirana zitsulo m'mphindi zochepa, ndipo pamenepo ndiye imfa yeniyeni. Komanso oyilo akapezeka atachuluka yekha, ali wamadzimadzi ndi wonunkha petulo, ndiye kuti petulo wakhala akudontha kudzera m'kabuleta pamene makina adali chikhalire ndi kampopi kotsegula. Oyilo wotere atayidwe, athiridwe watsopano jenereta isanalizidwe.

Pali mtundu wina wa timajenereta tating'ono kwambiri, tonyamula ndi dzanja limodzi, timene tilibe mothira oyilo payekha. Oyilo wake, wolembedwa 2T, amasakanizidwa ndi petulo, kawirikawiri mamililita 20 pa lita imodzi, kapena monga zalembedwera pa chivindikiro cha thanki. Wothira petulo yekha amapha injini. Wothira oyilo wambiri amadetsa pulagi ndi kudzaza bwalo ndi utsi.

Petulo wakale

Tsobola wakale sawawa, ndipo petulo naye ali chimodzimodzi. Petulo ndi msakanizo wa zinthu zambiri, zina zopepuka zimene zimauluka msanga, zina zolemerako. Zopepukazo ndizo zimayaka mosavuta injini ili yozizira, ndipo ndizo zimayamba kuthawa petulo akakhala m'thanki, makamaka nyengo yotentha. Zotsalazo zimasanduka utomoni umene umamata m'timabowo ta kabuleta. Opanga mainjini amachenjeza kuti petulo angathe kuyamba kuonongeka pakangotha masiku 30.

M'dziko muno muli chifukwa china chapadera. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company idayamba ntchito ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Fakitale yachiwiri, ya PressCane ku Chikwawa, idayamba m'chaka cha 2004. Nzeru imeneyi yapulumutsa ndalama zakunja, ndipo galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siivutika nayo, popeza petulo wake sakhalitsa. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. M'thanki ya jenereta imene yakhala dzinja lonse, madzi amaunjikana n'kukhazikika pansi, ndipo pansi pomwepo ndi pamene paipi imatengera. Madziwo amachititsanso dzimbiri m'thanki ndi m'kabuleta. Ndiponso pa nthawi zimene mafuta adasowa, monga m'zaka za 2011 ndi 2012, kudzanso 2022 ndi zaka zotsatira, ambiri adagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi, dothi kapena palafini.

Kuyesa petulo n'kosavuta. Pansi pa kabuleta pali kambale kachitsulo, ndipo pa kambaleko pali kabawuti kokhetsera. Munthu atenge botolo lagalasi loyera, alitchere pansi pake, amasule kabawutiko pang'ono kampopi kali kotsegula, kutali ndi moto ndi fodya. Petulo wabwino amatuluka mosadukiza, ali woyera ndi wa fungo lake lodziwika. Wakale amaoneka woderapo ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo amanunkha ngati vanishi. Madzi amakhazikika pansi pa botolo ngati mikanda, osasakanizika. Zikatero thanki yonse ikhetsedwe, athiridwe petulo watsopano. Ngati sakutuluka konse, kapena akungodontha, njira yatsekeka chakumtunda: kasefa ka m'thanki, kakapu kogwira zinyalala pansi pa kampopi, kapena paipi yopindika ndi yong'aluka.

Kabuleta ndi kabowo kake

Petulo watsopano atathiridwa, jenereta ingathe kulira tchoki ili yotseka, n'kuzima tchoki ikangotsegulidwa. Ichi ndi chizindikiro chodziwika bwino koposa zonse, ndipo tanthauzo lake n'lakuti petulo akudutsa wochepa. Pakati pa kabuleta pali kachitsulo kamkuwa kotchedwa jeti, kamene kali ndi kabowo koyezera petulo. Utomoni ukakaphimba theka, injini imafa ndi njala pokhapokha mpweya utachepetsedwa ndi tchoki. Chizindikiro china cha nthenda yomweyo ndi injini imene ikulira mokwera ndi kutsika ngati munthu wopuma wefuwefu, mababu n'kumawala ndi kuzirala motsatira.

Kuyendetsa jenereta tchoki ili yotseka theka, monga ambiri amachitira, ndi kubisa nthenda chabe. Petulo amatha msanga ndipo pulagi imadzala mwaye. Mankhwala ake ndi kutseka kampopi, kumasula kambale kaja, kutulutsa jeti, kuitsuka ndi mankhwala otsukira kabuleta kapena petulo woyera, ndi kuipemerera mpweya kufikira kuwala kuoneke bwino pa kabowoko. Singano kapena msomali zisagwiritsidwe ntchito, pakuti mkuwa ndi wofewa, ndipo kabowo kakakula sikabwereranso. Mphunzitsi wa sayansi kapena dalaivala wa pa ofesi angathe kuigwira ntchitoyi atayiona kamodzi, malinga ayale nsalu yoyera ndi kuika tizitsulo motsatana monga adatichotsera.

Pulagi ndiyo mboni

Pulagi ili ngati mboni imene idaona zonse zochitika m'kati mwa injini, ndipo munthu wodziwa kuifunsa siimubisira kanthu. Atakoka chingwe kangapo osaphula kanthu, aichotse ndi sipanala yake n'kuyang'ana nsonga. Ikakhala youma, petulo sakufika, ndipo mlandu ubwerere ku thanki ndi kabuleta. Ikakhala yonyowa ndi petulo, ndiye kuti petulo akufika koma sakuyaka: kapena moto palibe, kapena injini yatsamwa chifukwa chokokedwa nthawi yaitali tchoki ili yotseka. Injini yotsamwa imachira pulagi ikapukutidwa ndi kuumitsidwa, chingwe chikakokedwa kangapo pulagi ili kunja ndi swichi ili pa OFF, kenaka n'kuyesanso tchoki ili yotsegula. Pulagi yakuda ndi mwaye wouma ikunena kuti petulo wakhala akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Ya injini yathanzi imakhala yofiirira pang'ono, ngati khofi wothira mkaka.

Poyesa moto, petulo yense wotayikira apukutidwe kaye. Pulagi ivekedwe chipewa chake, mbali yake yachitsulo igunditsidwe ku chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, munthu atagwira pa labala pokha, ndipo wina akoke chingwe swichi ili pa ON. Payenera kuoneka kamoto kabuluu kodumpha pa mpata wa kunsonga, umene pa mainjini ambiri otere uyenera kukhala mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Ngati palibe kanthu, ayese pulagi yatsopano, imene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo wa makaniko. Ngati yatsopano nayonso siithetheka, oyilo ali wokwanira, cholakwa chili pa koyilo, pa swichi, pa kachipangizo ka oyilo kaja, kapena pa waya amene makoswe a m'chipinda chosungiramo katundu adatafuna.

Mpweya wolowa ndi utsi wotuluka

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene fumbi lili paliponse, fyuluta ya mpweya imadzaza msanga. Injini yotsekeka fyuluta imatulutsa utsi wakuda, imafooka ikapatsidwa katundu ndipo imamwa petulo kwambiri. Fyuluta ya siponji itsukidwe ndi madzi a sopo, iume bwinobwino, idonthezedwe oyilo pang'ono n'kufinyidwa. Ya pepala igogodedwe mofatsa kapena isinthidwe. Kuichotseratu n'kuyendetsa makina opanda fyuluta ndi kudyetsa injini mchenga. Kumbali ya utsi nakonso kuyang'anidwe, pakuti mwaye, kapena tizilombo tomanga zisa zadothi, zingathe kutseka paipi ya jenereta imene yakhala miyezi yambiri.

Palinso kabowo kena kamene kamaiwalika, ka pa chivindikiro cha thanki. Petulo akamatsika, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake; kabowoko kakatsekeka, jenereta imalira bwino mphindi khumi kapena makumi awiri, n'kuyamba kutsokomola, n'kuzima, ndipo ikapumula pang'ono imaliranso. Woyesa amasule chivindikiro pang'ono pamene injini yayamba kufooka. Ikatsitsimuka, wolakwa wapezeka. Chotero nthawi imene jenereta imatenga isanazime imaphunzitsa zambiri. Yozima m'masekondi ochepa ikuloza ku oyilo kapena jeti. Yozima patapita mphindi zingapo ikuloza ku chivindikiro, kasefa kotsekeka theka, kapena koyilo imene imalephera ikatentha. Yozima pamene chipangizo china chalumikizidwa ikudandaula za katundu.

Katundu woposa mphamvu

Pa jenereta pamalembedwa manambala awiri. Yaikulu, imene kawirikawiri ili m'zilembo zazikulu pa thanki, ndi mphamvu ya kanthawi kochepa chabe. Yaing'ono ndiyo imene makina angasenze maola ambiri. Ketulo imodzi yamagetsi imadya mawati pafupifupi 2,000, kutanthauza kuti tiyi wa 10 koloko angathe kugwetsa jenereta imene idali kuyendetsa makompyuta onse a pa ofesi popanda vuto. Simbi yositira ndi makina a fotokope nazo zimakoka kwambiri pamene zikutenthetsa. Firiji ndi pampu ya madzi zimafuna mphamvu yoposa katatu ya nthawi zonse pa kamphindi kamene mota yake ikudzuka. Nchifukwa chake zipangizo ziyenera kulumikizidwa chimodzichimodzi, kuyambira ndi cha mota yaikulu, injini itafunda kale.

Mtunda wa malo nawo uli ndi mbali yake, ndipo dziko lino ndi la mapiri. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo mabuku a Honda amanena kuti injini imataya magawo 3.5 pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, Dedza pafupifupi 1,600. Powerengera, injini imene ingasenze mawati 2,000 m'mbali mwa nyanja yamchere ingasenze pafupifupi 1,750 ku Lilongwe, ndi ongopitirira pang'ono 1,600 ku Dedza. Wogula jenereta ya sukulu ya kumapiri ayenera kusiya mpata umenewo. Ndipo pasakhale wokhotetsa kabawuti ka liwiro poganiza kuti awonjezera mphamvu. Magetsi a dziko lino ndi a mavolti 230 ndi 50 Hz, ndipo jenereta wamba imawapereka molondola pokhapokha injini ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi. Liwiro likasinthidwa, zipangizo zolumikizidwa ndizo zimapsa.

Nthawi zina injini imalira bwino koma magetsi osatuluka. Poyamba aone swichi yodziteteza, imene imagwa yokha katundu akachuluka, ayese babu limodzi pa jenereta penipeni, ndipo ayesenso waya wautali umene ukupita m'nyumba. Zikakanika izi, cholakwa chingakhale pa mabulashi, pa kabokosi kowongolera mavolti kotchedwa AVR, pa kapasita, kapena maginito otsalira m'zitsulo amene amayambitsa magetsi adatha chifukwa chokhalitsa kapena chozimitsa injini katundu ali wolumikiza. Imeneyi ndi ntchito ya wodziwa. Makaniko aitanidwenso ngati chingwe chikukokeka mopepuka popanda kulimba kulikonse, ngati chikukana kukokeka konse, ngati mukumveka kugogoda kwa zitsulo, ngati utsi wabuluu ukutuluka mosalekeza, kapena ngati pali fungo la mawaya opsa. Ndipo zitsulo zakale zimene wasintha azisiye pa ofesi, zilembedwe m'buku.

Ngozi zitatu

Jenereta yokana kulira imataya tsiku, koma yolira pamalo olakwika imataya moyo. Utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mu Juni ndi Julayi. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino koposa ka 200. Wogwidwa nawo amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene iye angaganize kuti ndi malungo, n'kupita kukagona pafupi ndi chomupha. Mantha a akuba ndiwo amachititsa ambiri kuliza jenereta m'khola la galimoto, m'khichini kapena m'kanyumba ka mlonda. Akuluakulu a zaumoyo a ku United States amalangiza kuti ikhale panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa zitseko ndi mazenera. Khola lazitsulo lokhoma, la denga la malata ndi mbali zotsegula, limateteza ku akuba, ku mvula ndi ku utsi nthawi imodzi. Munthu akadwala pafupi ndi jenereta, atulutsidwe panja msanga, injini izimitsidwe, ndipo apite naye kuchipatala.

Ngozi yachiwiri ndi moto. Petulo asathiridwe injini ikulira kapena ikadali yotentha, ndipo wothira usiku aunikire ndi tochi, osati kandulo kapena koloboyi. Yachitatu ndi ya anthu amene amalumikiza jenereta ku soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iwale. Magetsiwo amabwerera m'mawaya a ESCOM, ndipo thiransifoma imawakweza kufika mavolti 11,000 kapena kuposa, kotero kuti wantchito amene wakwera pa mtengo poganiza kuti mawaya ndi ozima angathe kufa ndi jenereta ya munthu amene sadamuonepo. Magetsi a ESCOM akabwera mwadzidzidzi, jeneretayo nayo imapsa. Nyumba iliyonse yofuna kulandira magetsi a jenereta m'mawaya ake ikhale ndi swichi yosinthira, yoikidwa ndi wamagetsi wovomerezeka.

Katundu wa boma afuna mwini

Pa banja, jenereta ili ndi mwini amene adamva kuwawa poigula. Pa ofesi ndi pa sukulu ndi ya aliyense, ndipo chinthu cha aliyense chimasowa wochisamala: lero wailiza mlonda, mawa mesenjala, mkuja mwana wa fomu 4, ndipo palibe wodziwa tsiku limene oyilo adasinthidwa. Njira yake ndi yomwe boma limatsata kale pa magalimoto ake. Mkulu wa ofesi kapena mphunzitsi wamkulu asankhe munthu mmodzi ndi wothandizira wake, ndipo pakhale buku lolembamo tsiku, maola amene makina alira, malita a petulo, ndi dzina la woliza. Buku lomwelo limaonetsanso ngati petulo wa jenereta akuthera m'jenereta kapena m'njinga yamoto ya wina.

Malamulo olembedwa pa tsamba loyamba la bukulo sayenera kuchuluka. Oyilo ayang'anidwe nthawi iliyonse asanalize; asinthidwe pakatha maola 20 oyamba pa makina atsopano, kenaka maola 100 alionse kapena miyezi 6 iliyonse, ndipo kawirikawiri koposa apo kumalo a fumbi. Fyuluta itsukidwe maola 50 alionse. Pozimitsa, zipangizo zizulidwe kaye, injini ilire yopanda katundu mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo kampopi katsekedwe. Ngati makina akhala osagwira ntchito kupitirira mwezi, kampopi katsekedwe injini ikulira kufikira izime yokha, kapena kambale ka kabuleta kakhetsedwe, ndipo petulo wa m'thanki atsanuliridwe m'galimoto akadali wabwino. M'kabati mukhale pulagi imodzi yatsopano, sipanala yake, lita imodzi ya oyilo ndi chingwe chapadera.

Lamulo lotsiriza ndilo lopepuka koposa onse, ndipo ndilo limanyozedwa koposa: jenereta ilizidwe kamodzi pa mwezi, mphindi 15 kapena 20, itasenza katundu pang'ono, ngakhale magetsi a ESCOM alipo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Sukulu imene ili ndi ophunzira olemba mayeso a MSCE a phunziro la kompyuta, kapena chipatala chimene chili ndi katemera m'firiji, zisadikire m'mawa wa tsiku la mdima kuti zidziwe ngati makina awo ali moyo. Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, ntchito isanayambe, wosankhidwa uja atulutse jenereta panja, ayese oyilo, athire petulo watsopano pang'ono, akoke chingwe, ndipo alembe m'buku zimene wapeza kuti mkulu wake asayine.